Kandege ka m'katoni ya nsapato: lipoti la drone yoyamba ya mnyamata wa ku Malvern

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi kukonza mafoni ndi malaputopu. Ndili ndi tebulo m'shopu ina m'katikati mwa Johannesburg, kamtunda pang'ono kuchokera pa Park Station, ndipo ambiri obwera kwa ine ndi akwathu: wina sikirini yasweka, wina foni yagwera m'ndowa, wina akufuna kutumiza laputopu kumudzi koma ikhale yoti ikayake. Ma drone a mpikisano ndi masewera anga a Lamulungu. Ndamangapo anga atatu, ndipo ndakonzerapo anzanga angapo. Zimene ndalemba panozi ndazitenga m'kope langa la ntchito, chifukwa mafunso amene mnyamata uyu anabwera nawo ndi omwewo amene anyamata ena akhala akundifunsa pa WhatsApp. Dzina lake ndalisunga. Zinazo mwiniwake wavomera kuti ndinene.

Mmene anafikira

Linali Loweruka la mu Malichi, mvula ya masana itangokata. Mnyamata wa zaka 22, kwawo ku Kasungu, kuno amakhala ku Malvern, dera la mu Johannesburg momwemuno, ndi malume ake ndipo amagwira ntchito yotsuka magalimoto. Anaika katoni ya nsapato patebulo panga n'kuima chete ngati wabweretsa uthenga wa maliro.

"Achimwene, akuti inu mumazidziwa izi. Yangotulutsa utsi."

Fungo linali litandiuza kale. Amene anapsereza bodi amalidziwa, silichoka m'mphuno tsiku lonse.

Ndinamufunsa chimene chinamulowetsa m'zimenezi. Akuti mu 2017, pamene boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ma drone pa bwalo la ndege la ku Kasungu, iye anali mwana wa sukulu ndipo ankathamangira kukaonerera. Mu 2020 anamva kuti ku Lilongwe kwatsegulidwa African Drone and Data Academy, koma iye anaona kuti alibe mapepala oti n'kukagogoda nawo kumeneko. Atabwera kuno ku Joni anayamba kuonera mavidiyo a anthu othamangitsana ndi ma drone atavala magalasi, tindege tikudutsa m'zipata ngati nanzeze, ndipo mtima unagwera pomwepo. Anasunga ndalama miyezi isanu, n'kugula pa intaneti katundu yense wa munthu wina amene anatopa nawo masewerawa.

M'katonimo munali fulemu ya carbon ya mapulopela a mainchesi 5, mamota anayi a 2306 olembedwa 2450KV, flight controller ya F4, ESC ya 4-in-1, kamera, VTX ya analog, receiver ya ExpressLRS, rimoti, magalasi otchipa a bokosi aja, tchaja, ndi mabatire awiri a 4S (a selo zinayi m'kati mwake) a 1500mAh. Batire lachitatu, la 6S (la selo zisanu ndi imodzi), anagula yekha latsopano, poganiza kuti nambala yaikulu ndiye mphamvu. Kwa amene mayinawa akumusokoneza: flight controller ndi ubongo, imamva mmene kandege kapendekera n'kulamula chochita kambirimbiri pa sekondi imodzi. ESC ndiyo imagawira mota iliyonse magetsi monga ubongo walamulira. Receiver imamva rimoti. VTX imatumiza chithunzi cha kamera ku magalasi amene woyendetsa wavala.

Katunduyo sanali woipa, tisamunenere wogulitsayo. Anali wakale pang'ono basi. Akanabwera asanagule ndikanamuuza kuti agule rimoti yokha kaye, koma madzi akatayika saoleka, ndiye sindinataye nthawi ndi kumukalipira.

Chimene chinatulutsa utsi

Nditaika ESC pansi pa galasi lokulitsa, nkhani yonse inali poyera. Mawaya anawotcherera yekha kunyumba ndi kachitsulo ka mawati 30 kogula pamsewu, kopanda posinthira kutentha. Kachitsulo kotero kakhoza kugwira kawaya ka wailesi, koma waya wa batire wa drone ndi wonenepa, ndipo pansi pa malo owotchererapo pali kopa yambiri imene imamwa kutentha konse. Solder, mtovu wowotcherera uja, sinasungunuke n'kulowerera. Inangokhala pamwamba, mibulu yotuwa ngati phala lozizira. Ataona kuti sizikugwira, anaonjezera ina pamwamba pake, kenako inanso. Pa mota yachiwiri timaulusi tiwiri ta waya tinapulumuka m'mbulumo n'kukakhudza malo a waya woyandikana nawo. Atalumikiza batire la 6S lodzaza, ma volt 25.2, n'kukankha ndodo, panachitika shoti ndipo ma MOSFET a mbali imeneyo, timaswitchi ta pa ESC totsegula ndi kutseka magetsi opita ku mota, anapsa mpaka kusweka. Capacitor, imene imameza kulumpha kwa magetsi, inali ikadali m'kathumba kake. Sanadziwe ntchito yake.

Mwamwayi flight controller inapulumuka. Nditailumikiza ku laputopu inayankha, ndipo kachithunzi ka drone ka mu Betaflight, pulogalamu yoyendetsa flight controller imene timaisintha kudzera pa kompyuta, kanatembenuka monga ndinkaitembenuzira m'manja. Mamota onse anayi anayeza mofanana pa multimeter, chida choyezera magetsi. Chowonongeka chinali ESC yokha.

Apa ndinali ndi njira ziwiri. Ndikanatha kuitanitsa ESC ina, kumanga zonse madzulo amodzi, kumulipiritsa, n'kumupatsa drone yowuluka. Ndachitirapo anthu zimenezo, ndipo amabweranso pakatha sabata atathyola waya umodzi, osadziwa pogwira. Drone ya mpikisano si foni yoti ukakonzetsa umatha chaka. Imagwa tsiku lililonse limene yauluka. Woyendetsa wosatha kuwotcherera amagwira ntchito yolemeretsa anthu ngati ine. Ndinamuuza kuti, "Mphwanga, ine sindikumangira. Uzibwera Loweruka ukaweruka, umange wekha ine ndikuona."

Anakhumudwa, zinaonekera pankhope. Koma anabwera.

Ma Loweruka awiri oyamba sanakhudze drone. Ndinamupatsa ESC yake yakufa ija ndi mulu wa mabodi otha ntchito, ndi chitsulo changa chosinthika kutentha, nditachiika pa madigiri 380. Solder imene ndimagwiritsa ntchito ndi ya 63/37, imene imasungunuka pa madigiri 183 n'kuuma nthawi yomweyo, osadutsa pa kukhala phala. Chimene anyamata ambiri samva msanga n'chakuti chitsulo chozizira ndicho chimawononga bodi, chifukwa umachigoneka pamenepo nthawi yaitali mpaka kopa kumatuka. Chotentha bwino chimagwira masekondi awiri kapena atatu n'kuchoka. Ndinamuphunzitsa kupaka flux, mankhwala othandiza solder kugwira, kuika solder pa bodi payokha, pa waya payokha, kenako kuzikumanitsa. Pogwira bwino pamanyezimira ngati dontho la mame, ndipo ukakoka waya bodi yonse imabwera. Tsiku loyamba anadziwotcha chala chachikulu. Tsiku lachiwiri, cha m'ma 4 koloko, anandionetsa mzere wa madontho asanu ndi limodzi amene sindinapeze ponena. Manja ake ndi odekha kuposa anga, ichi ndinachiona msanga.

Nkhani ya mabatire

Iyi ndi mbali imene inandiopsa kuposa ESC, ndipo ndinaitulukira mwangozi. Ndikuyeza mabatire a 4S aja, ndinaona kuti limodzi lafufuma ngati chitumbuwa. Selo imodzi inali pa ma volt 2.9 pamene zinzake zinali pamwamba pa 3.7. Nditamufunsa kumene amatchajira, anayankha mosadandaula kuti pansi pa bedi, usiku, chifukwa magetsi akathima madzulo amabwera iye atagona, ndiye amangosiya zili zolumikiza. M'chipindamo amagonamo anthu atatu. Zenera lili ndi zitsulo.

Batire la mtundu uwu, la LiPo, si la tochi. Selo iliyonse imalembedwa 3.7, imadzaza pa 4.2, ndipo ikapitirira pamenepo, kapena ikabooledwa, kapena ikatsitsidwa kwambiri kenako n'kukakamizidwa kudzaza, imatha kuyaka moto wolusa ndi utsi wapoizoni, selo imodzi n'kuyatsa inzake. Lofufumalo ndinamulanda. Ndinalilumikiza ku babu la galimoto kunja kwa shopu, pa simenti, mpaka linatheratu, kenako ndinakalisiya kumene amalandira mabatire otha ntchito.

Tinagwirizana malamulo amene analemba pachikuto cha katoni ija. Kutchaja ali maso, ali pomwepo. Kulumikiza kapulagi koyera ka balance nthawi zonse, kuti tchaja iziona selo iliyonse payokha. Batire la 1500mAh kulitchaja pa 1.5A, osathamangira. Likakhala kuti siligwira ntchito masiku angapo, kulisiya pa 3.8 selo iliyonse, osati lodzaza. Posungira tinapeza mphika wachitsulo wa miyendo itatu umene malume ake anali atausiya, tinathira mchenga pansi, chivundikiro chongoika osamanga, pakona ya simenti kutali ndi makatani.

La 6S lija linali nkhani ina. Mamota a 2450KV anapangidwira 4S, imene imadzaza pa ma volt 16.8. Nambala ya KV imanena maulendo amene mota yopanda katundu imazungulira pa mphindi pa volt iliyonse, ndiye ukaipatsa 25.2 imafuna kuzungulira mopitirira muyeso, n'kukoka magetsi ochuluka ndi kutentha. A 6S amagwiritsa ntchito mamota a KV yotsika, cha m'ma 1750 mpaka 1950. Mu Betaflight muli pochepetsera mphamvu yopita ku mamota, ndipo ena amayendera pamenepo, koma kwa wophunzira ndinaona kuti n'kudzisenzetsa mtolo wosafunika. Tinalisinthitsa kwa mnzanga wina ndi a 4S awiri abwino.

Kumanga

ESC yatsopano itafika kumapeto kwa Epulo, anamanga yekha ma Loweruka awiri. Sindifotokoza waya ndi waya. Chimene ndinakakamira ndi ndondomeko yoyesera, chifukwa ndalama za woyamba zimapsa pa sekondi imene walumikiza batire koyamba. Asanalumikize chilichonse, multimeter pakati pa waya wofiira ndi wakuda: ikalira mosalekeza, pali shoti. Kenako pakati pa waya wofiira ndi fulemu, chifukwa carbon imadutsitsa magetsi ngakhale imaoneka ngati pulasitiki. Capacitor ya 35V pa malo a batire, mwendo wa mzere ku waya wakuda. Eriyo pa VTX batire lisanafike, chifukwa VTX yoyatsidwa yopanda eriyo imadziphika yokha. Ndipo batire loyamba limadutsira pa babu la galimoto limene ndinalumikiza pakati pa mapulagi awiri a XT60. Pakakhala shoti, babu limawala kwambiri n'kumwa magetsiwo, bodi n'kupulumuka. Anyamata amachitcha smoke stopper. Changa ndinapanga ndi babu la mabuleki ndipo chandipulumutsira mabodi ambiri kuposa chida china chilichonse patebulo panga.

Babu linangoti phethi n'kuzima, mamota analira kanyimbo kawo. Mnyamata anakhala pansi pa simenti, anati miyendo yalefuka.

Receiver inakana kuyankha. Anali atalumikiza TX ku TX, RX ku RX, poona kuti mayina akufanana. Zimayenera kupingasana: pakamwa pa uyu kukhutu kwa uyo. Tinasintha, tinasankha CRSF, chilankhulo cha pakati pa receiver ndi flight controller, tinaika mawu ofanana a binding mu rimoti ndi mu receiver kuti zizindikirane, zinayenda. Mamota tinawayesa mmodzimmodzi mapulopela atachotsedwa. Mu Betaflight mota 1 ndi yakumbuyo kumanja, 2 yakutsogolo kumanja, 3 yakumbuyo kumanzere, 4 yakutsogolo kumanzere. Iwiri inkazungulira mobwerera, tinaitembenuza pa kompyuta, ngakhale kusinthanitsa mawaya awiri mwa atatu kumachita zomwezo. Pomaliza tinazimitsa rimoti mamota akuzungulira kuti tione ngati aima. Anaima. Za mapulopela pa tebulo ndilibe nazo nthabwala: ndili ndi chipsera pa dzanja lamanzere chimene ndimaonetsa aliyense wofuna kutsutsa.

Pa sikelo yanga inalemera magalamu 560 ndi batire.

Malume

Pakati pa zonsezi, Loweruka lina anatulukira malume ake, bambo wachikulire wogwira ntchito ya ulonda, amene wakhala kuno zaka zambiri. Anandipatsa moni mwaulemu, anafunsa za kumudzi, kenako anafika pa nkhani.

"Amisiri, mwanayu ndinamutenga kuti azithandiza mayi ake. Lero ndalama zikuthera zidole. Inu ndinu wamkulu, mukumulimbikitsa bwanji?"

Sindinawatsutse, chifukwa theka la zimene ananena n'zoona. Ndinawauza kuti, "Bambo, sindikunamizani kuti kandege aka kamupezera ntchito." Kuno munthu wofuna kupeza ndalama ndi drone, kaya kujambula maukwati kaya kuyeza minda, amafunika laisensi yochokera ku SACAA, bungwe loyang'anira za ndege, ndipo ntchitoyo imayenera kuchitika pansi pa kampani yokhala ndi chilolezo chake. Maphunziro ake ndi okwera mtengo. Kuthamangitsana m'zipata Lamulungu sikupereka pepala lililonse. Koma ndinatulutsa bodi imene mnyamatayo anawotcherera n'kuiika m'manja mwawo. Ndinawauza kuti manja amenewa ndikhoza kuwalipira Loweruka lililonse kusintha malo otchajira mafoni, ndipo ndalama ya drone izichokera pamenepo, ya kotsuka magalimoto isakhudzidwe. Anaitembenuza bodiyo kawiri, sindikhulupirira kuti anaona kusiyana kwake, koma anati, "Chabwino, bola ya mayi ake izipita." Mgwirizanowo ulipobe.

Koulutsira

Iye ankaganiza zokayesera pa bwalo la mpira pafupi ndi kwawo. Ndinamuonetsa mapu. Malamulo a ma drone a dziko lino, amene ali mu Part 101 ya malamulo a za ndege ndipo anayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2015, salola kuulutsa pa mtunda wosakwana makilomita 10 kuchokera pa bwalo la ndege. Malvern ili mkati mwa mtunda umenewo kuchokera ku Rand Airport ya ku Germiston. Ukathawira kum'mawa ukumana ndi O.R. Tambo, kumpoto kuli Grand Central ku Midrand, kumpoto chakumadzulo kuli Lanseria, osawerengera malo otera helikopita. Malamulo omwewo amati utalikirane mamita 50 ndi anthu, misewu ndi nyumba za eni, uulutse masana, ndipo kandegeko kazioneka ndi maso. Woulutsa mongosangalala safunika laisensi, koma zimenezi zimamukhudza. Mu mzinda wothithikana ngati uno, malo okwaniritsa zonsezi ndi osowa. Ndipo ife obwera tili ndi chifukwa chathu chapadera chosafunira kucheza ndi apolisi pa nkhani ya kandege.

Ndinamutengera ku kalabu imene ndimapita, kunja kwa tauni, imene ili pansi pa SAMAA, bungwe la oulutsa tindege ta masewera muno mu South Africa. Kumeneko kuli bwalo lovomerezeka, kuli anthu okuonera kumwamba iwe utavala magalasi, ndipo kuli mwambo wake. Waukulu ndi wakuti suyatsa VTX wina ali m'mwamba. Zithunzi zonse zimayenda pa 5.8GHz, pa mpikisano aliyense amapatsidwa tchanelo chake mwa zisanu ndi zitatu za Raceband, kuyambira 5658 mpaka 5917MHz, ndipo onse amatsitsa mphamvu pa 25mW. Ukayatsa mwachisawawa pafupi ndi mnzako umamuchititsa khungu ali pa liwiro la makilomita oposa 100 pa ola.

Kulakwa kwanga

Tsiku loyamba linali la mu Meyi, m'mawa kukuzizira, udzu utayamba kuuma. Ndinaulutsa ine, popanda magalasi, masekondi 30 pa msinkhu wa m'chiuno, n'kutera. Ndinagwira mamota. Atatu anali ofunda chabe. Wa nambala 3 unandiwotcha chala.

Apa ndi pamene ndinayenera kunena kuti basi, tibwerere ku tebulo. Ndikanakhala ndekha ndikanatero. Koma mnyamata anali atadikira miyezi iwiri, tinali titayenda mtunda, anthu anali akuonerera, ndipo ndinadzinamiza kuti ndi bearing yakale chabe. Ndinaulutsanso. Pasanathe mphindi kandege kananjenjemera, kanapendekera kumanzere n'kugwa mu udzu, mota ikufuka. Tinathamanga ndi kupondaponda, chifukwa udzu wa kuno nyengo yozizira suchedwa kugwira moto.

Pa tebulo ndinapeza chifukwa chake m'mphindi ziwiri. Mkono wa fulemu ndi wonenepa mamilimita 5, ndipo timabawuti ta mota tinali ta mamilimita 7. Kamodzi kanali ka 10. Kanadutsa pansi pa mota n'kukakanda waya wa kopa wokulungidwa mkatimo, kusupula utoto wake wotchinga magetsi. Mnyamata anataya kabawuti kamodzi pomanga, anatola kena m'mbale yanga, ndipo ine ndinamuona akutola osanena kanthu. Kuyeza kwake n'kosavuta: nsonga imodzi ya multimeter pa mutu wa kabawuti, ina pa waya wa mota, ikalira ndiye kuti kakhudza. Ndimauza aliyense zimenezi. Tsiku limenelo sindinachite. ESC inapulumuka mwa chisomo chabe. Mota yatsopano ndinagula ndi ndalama yanga, ndipo anandiseka njira yonse yobwerera: "Achimwene, ndiye inunso mumatulutsa utsi?"

Manja

Kuchedwa kodikira mota kunatipindulira. Kuyambira mu Epulo ndinali nditamuikira Velocidrone, pulogalamu yoyesererapo kuulutsa drone, pa laputopu yakale ya m'shopu, rimoti yake yolumikiza pa USB, koma ankaiona ngati gemu ya ana. Ataona mmene kugwa kumodzi kumadyera ndalama, anayamba kuigwira ndi mtima wonse, mphindi 40 madzulo aliwonse ndisanatseke.

Drone ya mpikisano imayendetsedwa mu acro. Ukaipendeketsa n'kusiya ndodo, siidziwongola yokha ngati zija zojambulira. Imapitirira chipendekere mpaka uibweze wekha. Ndodo ya kumanzere ndi ya mphamvu ndi kutembenuza mutu, ya kumanja ndi yopendeketsa, ndipo pokhota zala zonse zimayenera kugwirizana ubongo usanaganize. Sabata yoyamba sankatha kudutsa chipata chimodzi. Vuto lake linali la aliyense woyamba: akachita mantha amakankha mphamvu, kandege n'kulumphira kumwamba, kenako amazimitsa zonse, n'kugwa ngati mwala. Ndinamuchepetsera kupendekeka kwa kamera kufika madigiri 15, chifukwa kamera yoyang'ana kumwamba kwambiri imakakamiza munthu kuthamanga kuti aone kutsogolo. Ndinamuletsanso zopidiguka za m'mavidiyo. Ntchito inali imodzi: kuzungulira bwalo pa msinkhu umodzi, kumanja kasanu, kumanzere kasanu.

Atavala magalasi koyamba pa bwalo lenileni, mu Juni, anachita chizungulire n'kutsala pang'ono kugwa chagada. Ndinamukhazika pa kreti. Ambiri timaulutsa titakhala, palibe chamanyazi. Batire loyamba linatha mu mphindi zitatu ndi theka, anatera pa 3.5 selo iliyonse monga tinapanganirana, kandege kali kathunthu. Anavula magalasi manja akunjenjemera, osalankhula.

Chinthu china chimene mavidiyo a kunja sangakuuze ndi kukwera kwa malo ano. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamwamba kuposa Lilongwe kapena Blantyre, ndipo mpweya wake ndi wopepuka. Mapulopela amagwira mpweya wochepa pa kuzungulira kulikonse, ndiye kuti kandege kaime m'malere pamafunika kukankha ndodo mokwererapo, ndipo pokhota kamatsetsereka n'kutsika msanga kuposa mmene munthu akuyembekezera. Kuonjezera apo, m'mawa wa Juni ndi Julayi mabatire ozizira amafooka msanga. Ankawasunga m'thumba la jekete mpaka nthawi yake. Mu Ogasiti munabwera mphepo ndi fumbi, ndipo ndi mwezi umene anathyola mikono iwiri ya fulemu, wina pa mtengo wa chipata, wina pa nthaka youma ngati konkire. Yonse anasintha yekha. Wachiwiri anasinthira pa bwalo pomwepo, pa bonati ya galimoto yanga, ndipo ndinamuona akuyeza timabawuti tonse ndi multimeter osandiyang'ana.

Mpikisano

Mu Sepitembala kalabu inakonza kampikisano ka pakati pathu, anayi anayi pa ulendo, kuzungulira katatu. Ndinamulembetsa m'gulu la oyamba kumene. Ulendo woyamba anaiwala zonse. Belu litalira anafuna kunyamukira limodzi ndi anzake, poti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo anakaomba chipata choyamba penipeni. Mapulopela awiri anathera pomwepo. Ulendo wachiwiri anaphonya chipata chachinayi, anabwerera kukachidutsa, n'kumaliza wotsiriza, batire litatsala pang'ono kutha. Ulendo wachitatu ndinamunong'oneza kuti awasiye apite. Ananyamuka mochedwa dala, anayenda liwiro lake la pa laputopu. Awiri a kutsogolo anagundana pa ngodya yachiwiri n'kugwera mu udzu. Anamaliza wachiwiri mwa anayi, pafupifupi theka la bwalo kumbuyo kwa wopambana. Vidiyo yake anatumizira malume ake, amene anayankha ndi chala chimodzi chokweza.

Kuwerengera kuchokera mu Malichi, m'kope langa mwalembedwa ESC imodzi, mota imodzi, mikono iwiri, eriyo imodzi imene inadulidwa ndi pulopela, batire limodzi lotayidwa, ndi mapaketi 14 a mapulopela. Zoposa theka la ndalama zimenezi zinapita pa zolakwika ziwiri za pa tebulo, yake ndi yanga, osati pa kugwa.

Zotsala

Pali vuto limodzi limene sitinalithetse. Akakankha mphamvu yonse, m'magalasi mumadutsa mizere yoyera yopingasa, akachepetsa imachoka. Inayamba atagwa kachiwiri mu Ogasiti. Eriyo tasintha, sizinathandize. Ndikukayikira mwendo wa capacitor kuti unathyokera mkati mwa chotchinga chake, kapena waya wakuda wa kamera umene anaulumikiza patali ndi wa VTX. Ndamuuza kuti ayambe wapeza yekha, andiuze chimene akuganiza, ndisanatsegule ine.

Akufunanso kupita nako kandegeko ku Kasungu mu Disembala kuti akaonetse mayi ake. Mabatire ake ndi a 22Wh lililonse, pansi kwambiri pa malire a 100Wh amene a ndege amalola m'chikwama cha m'manja, koma iye akwera basi, ulendo wa masiku awiri kudutsa Beitbridge ndi Mwanza nyengo yotentha. Ndamuuza kuti akanyamula awatsitse pa 3.8, amate mapulagi ndi tepi, akhale nawo pa mpando osati pansi pa basi pamodzi ndi katundu, ndipo ayambe wafunsa a basiyo ndi a za ndege ku Malawi asanalongedze. Loweruka likubwerali abwera ndi capacitor yatsopano, ndipo pa tebulo pakumudikira mafoni asanu ofuna malo otchajira.